Tsiku Limene Nambala 31 Sinayankhe

1. Kaundula

M'kalasi ya Fomu 2 munali ana 84. Kuti aphunzitsi atchule aliyense dzina lake ndi la bambo ake, phunziro loyamba likanatha asanalembe kanthu pabolodi. N'chifukwa chake a Choko, aphunzitsi a masamu amenenso ankasunga kaundula wa kalasiyo, ankangoitana manambala.

Ankaitana mutu uli pansi, cholembera chikutsika ndi mzere ngati nyerere. Akamva "Ndilipo" ankachonga. Kukakhala zii ankalemba kamtanda kofiira. Nkhope za ana ankaziyang'ana nthawi ya mayeso yokha.

Nambala 30 anali mtsikana wotchedwa Wailesi. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa ankatha kuyankhula ndi mawu a munthu aliyense: ahedi akamakalipa, kondakitala akamaitanira basi, ngakhale chitseko cha laibulale chikamalira. Nambala 31 anali mnzake wa padesiki, mtsikana wofatsa amene ankamutcha Njiwa poti mawu ake ankatuluka pansipansi ngati akupepesa.

Lachitatu limenelo pamalo a Njiwa panalibe munthu.

"Nambala 30."

"Ndilipo."

"Nambala 31."

Wailesi anawerama ngati akufuna kanthu m'chikwama, n'kufinya kukhosi. "Ndilipo," anatero ndi mawu a Njiwa enieni.

A Choko anachonga. Aka kanali kachisanu ndi chimodzi. Ochepa amene ankakhala pafupi ankadziwa, koma ankati si nkhani yawo.

2. Masiku khumi

Pakhoma la ofesi panali bolodi la zidziwitso, ndipo pakati pake panali pepala la malamulo a kujomba. M'munsi mwa pepalalo munabisika, chifukwa pamwamba pake anakhomapo ndandanda ya mayeso. Palibe ankadandaula. Lamulolo aliyense ankalidziwa pamtima, poti ahedi ankalibwereza Lolemba lililonse.

"Mwana wojomba masiku khumi pa teremu imodzi popanda chifukwa," ankatero, "timufufuta m'kaundula, ndipo mayeso salemba. Sindikufuna misozi, sindikufuna amalume obwera kudzandigwadira. Sukulu si msika woti umabwera ukafuna. Tsiku limene wajomba silibwerera, ndipo anzako sakudikira. Kujomba kumayamba ndi tsiku limodzi, kumatha ndi moyo wonse."

Njiwa anali ndi timitanda tisanu ndi tinayi.

Chifukwa chake ankachidziwa ndi Wailesi yekha. Chimwalirireni bambo ake a Njiwa, amayi ake maganizo sankayenda bwino. Masiku ena ankadzuka n'kuchapa, n'kusita, akuimba. Masiku ena ankatuluka opanda nsapato kupita kokwerera basi kukadikira amuna awo, n'kumaima pakati pa msewu kuyang'ana m'mawindo a galimoto iliyonse. Masiku oterewa Njiwa ankapiringidza chitseko n'kukhala nawo m'nyumba mpaka mtima wawo utabwerera.

Anamulumbiritsa Wailesi kuti asauze munthu. Anati anthu akadziwa azimutcha mwana wa wamisala, ndipo ena adzabwera kudzawatenga amayi ake. Iye akhala ndi yani?

Za kuyankhirana Njiwa sanapemphe. Anaziyamba ndi Wailesi, tsiku limene anaona kamtanda kachisanu ndi chinayi. Anamuuza mnzakeyo kuti asadandaule, pakamwa pake pali malo a anthu awiri. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, si mmene akulu ananenera? Njiwa anaseka pang'ono, kenako analira.

3. A Ndowa

Mlonda wa pasukulupo anali bambo wachikulire amene kale ankagwira ntchito yozimitsa moto. Pakhomo la kalasi iliyonse anaikapo ndowa yofiira ya mchenga, ndipo tsiku ndi tsiku ankayenda n'kumachotsamo mapepala a maswiti ndi zotsalira za mapensulo. Ana anamutcha a Ndowa. Iwo dzinalo analilandira.

Kamodzi pa mwezi ankachititsa zoyeserera ngozi. Pamtengo wa pafupi ndi geti panali chigudumu chakale chachitsulo. Chikalira katatu inali nthawi ya phunziro. Chikalira osalekeza, aliyense ankayenera kutuluka n'kupita pabwalo la mpira, pamene kalasi iliyonse inali ndi mwala wake wopakidwa laimu.

Ana ankazikonda zoyesererazi chifukwa zinkadya phunziro. Ankatuluka akukankhana, ena akunamizira kukomoka. Lolemba la sabata imeneyo a Ndowa anawadikira kuti aseke athane nazo, kenako anatenga kaundula m'manja mwa a Choko n'kumukweza m'mwamba.

"Ana anga, sekani, kuseka si mlandu. Koma ine ndazimitsa moto zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo moto sindinauonepo ukuseka. Chitsulo chikalira osalekeza, siyani chikwama, siyani nsapato, tsikani masitepe mwamzere, mubwere pano. Pano woitanidwa asangoyankha ayi. Akweze dzanja, akhale pansi, timuone ndi maso. Mukudziwa chifukwa chake? Moto ukabuka sindingaufunse kuti mkatimo mwatsala ndani. Ndimafunsa buku ili. Bukuli likati mwana anabwera m'mawa, koma pabwalo palibe, ndiye kuti ali mkati, ndipo ine ndilowa. Sindidikira galimoto, poti utsi sudikira. Tsono kaundulayu musamamuone ngati mdani wokugwirani mukajomba. Tsiku lina ndi amene adzakutulutseni. Mukamunamiza iyeyu mwanamiza ine, ndipo miyendo yangayi ndi yakale."

Pobwerera m'kalasi Wailesi anakweza kope lake m'mwamba, n'kutsimphina pang'ono ngati a Ndowa. "Moto sindinauonepo ukuseka," anatero ndi mawu awo osasa. Kalasi yonse inagwa ndi phwete.

A Ndowa anali kumbuyo kwake. Anapukusa mutu akumwetulira, n'kunena kuti mwanayu wawaposa eni ake, ndipo tsiku limene adzadwale adzamusiyira ntchito.

4. Utsi

Lachitatu lija, nthawi yopuma itangotha, magetsi a m'kalasi anaphethira kawiri n'kuzima. Ana anakuwa mokondwa. Kenako kunamveka fungo ngati la pulasitiki wopsa.

Kalasi yawo inali m'mwamba mwa nyumba yosanja. Kumapeto kwa khonde kunali chipinda chosungiramo mabuku akale ndi madesiki othyoka, ndipo moyandikana nacho kunali kachipinda ka odwala, ka bedi limodzi. Utsi unkatulukira pamwamba pa chitseko cha chipinda cha mabukucho, wakuda, wosafulumira.

Chitsulo chinayamba kulira. Sichinaleke.

Ulendo uno palibe ananamizira kukomoka. Anatsika masitepe atagwirana malaya, ena akulira, wina atavala nsapato imodzi. A Choko anatuluka pomaliza, kaundula ali kukhwapa. Mmene ankafika pamwala wawo, moto unali utaboola siling'i, ndipo malata ankathetheka.

A Ndowa anapatsa aphunzitsi ena chomenyera chitsulo, iwo n'kumayenda mwala ndi mwala kufunsa ngati onse akwana. Fomu 1 inakwana. Fomu 3 ndi Fomu 4 zinakwana.

A Choko ankaitana, ndipo lero mutu unali m'mwamba. Nambala iliyonse ankaifuna ndi maso mpaka ataona dzanja.

"Nambala 30."

Wailesi anakweza dzanja n'kukhala pansi.

"Nambala 31."

Palibe dzanja linakwera.

"Nambala 31!"

Mtsikana wina wa kutsogolo anati anamumva akuyankha m'mawa. Wina anati Njiwa mutu umamupweteka kawirikawiri, mwina wapita kukagona kukachipinda ka odwala nthawi yopuma. A Choko anayang'ana m'buku. Panali pochongedwa, ndi dzanja lawo lomwe. Anathamangira kwa ahedi ndi bukulo.

Aja ochepa amene ankadziwa anatembenukira kwa Wailesi.

5. Masamu a Wailesi

Wailesi masamu sankawatha, koma awa anabwera okha. Masiku asanu ndi anayi a timitanda, kuphatikiza asanu ndi limodzi amene anaba ndi pakamwa pake. Khumi ndi asanu. Akangonena, Njiwa sukulu yathera pomwepo, ndipo ahedi afunsa chifukwa.

Anayang'ana kumsewu. Galimoto ya ozimitsa moto ikanangotulukira, akanalowa ndi zovala zawo, akanapeza mulibe munthu, nkhani ikanatha. Kumsewu kunkadutsa njinga.

A Ndowa anavula jekete lawo n'kuliviika mumgolo wa madzi. Ahedi anawagwira mkono, kuwauza kuti adikire, galimoto ili m'njira. Iwo anachotsa dzanjalo mwaulemu. Anati kachipindako kayandikana ndi moto, ndipo mwana wogona utsi umamupeza asanadzuke.

Wailesi anaimirira. Anakhalanso pansi.

A Ndowa anadzifunditsa jekete kumutu n'kuyamba kuyenda, kutsimphina kwawo kuja kumene Wailesi anakuseweretsa Lolemba.

Apo m'pamene anatsegula pakamwa. Koma mtsikana amene mawu ake ankadzaza holo yonse anangotulutsa kamawu kakang'ono, ka pansipansi, ngati ka Njiwa. Chitsulo chinkalirabe. Palibe anamva.

Anadumpha miyendo ya anzake, n'kukagwira malaya a a Choko.

"Sanabwere. Aphunzitsi, Njiwa sanabwere. Ndinamuyankhira ndine."

A Choko anamuyang'ana ngati akumuona koyamba. Kenako anataya kaundula pansi n'kuthamangira kumasitepe akuitana. Ahedi anaitana. Sukulu yonse inaitana dzina limodzi. Koma a Ndowa anali atakwera kale, ndipo utsi unawabweza a Choko pa sitepe yachitatu.

Galimoto inafika patapita mphindi zisanu ndi ziwiri. Ozimitsa moto anawapeza a Ndowa m'kachipinda ka odwala, atagwada, dzanja limodzi lili pansi pa bedi. Chidutswa cha siling'i chinali chitawagwera kumsana. Anawatulutsa atawanyamula awiri. Mmodzi wa onyamulawo, bambo wa imvi zochepa, atawaona nkhope anavula chipewa chake n'kunena kuti awa ndi amene anamuphunzitsa ntchito.

Ambulansi inawatengera kuchipatala. Mwala wa Fomu 2 unali pomwepo, ndi kaundula ali chafufumimba pafumbi. Palibe ankafuna kumutola.

6. Theka la pepala

Makolo anabwera kudzatenga ana awo. Amayi ake a Wailesi atamva nkhani yonse kwa a Choko sanakalipe. Anamupukuta mwaye kumaso ndi nsonga ya mpango, n'kumukhazika pabenchi la pakhomo la ofesi.

"Udikire ahedi abwere kuchokera kuchipatala. Ukanene wekha. Pakamwa ndi pako."

Iwo anakakhala pansi pa mtengo, chikwama chili pamiyendo.

Ahedi anabwera cha m'ma fili koloko, maso ali ofiira. Anamulowetsa, n'kumufunsa kuti anayankhira kangati. Wailesi ananena. Anamufunsa ngati Njiwa anamutuma. Anati ayi. Anamufunsa chimene chimamujombetsa Njiwa.

Apa Wailesi anati analumbira kuti sadzanena.

"Mwana wanga," anatero ahedi, "kusunga chinsinsi cha mnzako n'kwabwino, ndipo sindikunyoza mtima umene unachitira zimenezi. Koma taona kumene kwatifikitsa. Iwe unkati ukubisa mnzako kwa ine. Unamubisa kwa aliyense amene akanamuthandiza. Masiku asanu ndi limodzi bukuli linkatiuza kuti mwanayu ali bwino, ali pakati pathu. Chikanamuchitikira chinthu kunyumba kapena panjira, ndani akanamufuna? Munthu amene walembedwa kuti alipo safunidwa. Ndipo lero bodza lomwelo latembenuka, latituma kukamufuna kumene kulibe. Bodza la chifundo limapsereza chimodzimodzi ndi la nkhanza. Tsono ndiuze, kuti tisalowenso m'chipinda cholakwika."

Wailesi anawauza zonse: za bambo omwalira, za kokwerera basi, za chitseko chopiringidza. Ankayankhula ndi mawu akeake, ndipo ankamveka achilendo.

Ahedi anaimirira n'kumuuza kuti awatsate. Panja, pabolodi la zidziwitso, anazula timisomali tiwiri n'kuchotsa ndandanda ya mayeso. M'munsi mwa pepala la malamulo munali moyera kuposa pamwamba, poti dzuwa silinkafikamo.

Anamuuza kuti awerenge mokweza.

"Mwana amene akudwala, kapena amene akusamalira wodwala kunyumba, asawerengeredwe masiku. Iye, kholo lake kapena mnzake adziwitse aphunzitsi, ndipo sukulu idzamuyendera ndi kumuthandiza."

Anawerenganso chamumtima. Mawu akuti "mnzake" analipodi.

"Safunsa anadya phula," anatero ahedi. "Koma usanyamule wekha. Ndandanda iyi ndinaikhoma pamenepa ndine. Lolemba lililonse ndimakuwerengerani theka loopseza, poganiza kuti linalo muziligwiritsa ntchito ngati khomo lothawira. A Choko nawonso ali ndi lawo, akudziwa. Chilango chako chilipo, tidzakambirana ndi amayi ako. Koma lero pali china chofulumira."

Anati a Ndowa ali moyo. Msana ndi manja zapsa, koma chimene madokotala akuda nacho nkhawa ndi utsi umene unalowa m'mapapo. Awaika chopumira kumaso, ndipo akuyenera kugona phee. Koma akangotsitsimuka akumachichotsa n'kufunsa kuti mwana uja wapezeka? Akazi awo awauza kuti munalibe mwana. Ahedi awauza. Iwo akukana. Akuti mawu otonthoza oterowo akuwadziwa, nawonso anawanenapo kwa anthu pamene zinthu zinali zitaipa kale. Akuti buku linati alipo.

"Sagona mpaka atamuona ndi maso," anatero ahedi. "Ndipo akapanda kugona, madokotala sakulonjeza kanthu. Kwawo kwa Njiwa ukukudziwa ndiwe."

7. Pakhomo

Anapita atatu, Wailesi patsogolo, amayi ake ndi ahedi pambuyo. Anadutsa kokwerera basi, n'kukhotera m'kanjira ka pakati pa mipanda iwiri. Nyumba ya a Njiwa inali yomaliza pa mdadada wa zitseko zinayi. Pachingwe panali yunifolomu yochapa, yowuma kale, yodikira mawa.

Ahedi anaima pakona pa mpanda. Anati Wailesi ayambe yekha, poti nkhope ya ahedi pakhomo la mwana wojomba siibweretsa mtendere.

Wailesi anagogoda. Mkati wina ankaimba pansipansi nyimbo yopanda mawu, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Njiwa."

Zii.

Masiku ena akabwera kudzamusiyira manotsi ankaitana ndi mawu a a Choko, ndipo mnzakeyo ankayankha akuseka. Lero anaitana ndi mawu ake.

"Nambala 31."

Kenako kuseri kwa chitseko, pafupi kwambiri, kunamveka kupuma.

"Ndilipo."

Wailesi anatsamira chipumi pathabwa. Tsiku lonse mawu amenewa ndi amene sukulu inkafuna.

Njiwa anati wamva kwa oyandikana nawo. Wamva za moto, wamva za a Ndowa, wamvanso kuti ankafuna iyeyo. Anafunsa ngati amwalira. Wailesi anati ayi, koma akumufuna, sakhulupirira munthu wina aliyense, ndipo ayenera kupita kuchipatala lero lomwe. Njiwa anati amayi sangawasiye okha, lero si tsiku labwino. Wailesi anati wabwera ndi amayi ake, ndiwo akhale nawo.

Nyimbo ija inasiya. Njiwa anayankhula pang'onopang'ono.

"Amayi ako akudziwa bwanji kuti amayi anga ngofunika kukhala nawo?"

Wailesi anachotsa chipumi pathabwa.

"Wanena?"

M'kamwa mwa Wailesi munali mawu ambiri amene akanatsegula chitsekocho msanga. Anawadziwa onse. Anayang'ana kukona, kumene ahedi anaima atagwira pepala la malamulo lija, lopindidwa pakati.

"Ndanena."

"Kwa yani?"

"Kwa ahedi. Ali pano. Ali ndi pepala loti uwerenge wekha."

Mkati munali chete, chete wa a Choko akaitana nambala ya munthu amene sanabwere. Kenako mpiringidzo unalira. Wailesi, amene ankadziwa kulira kwa chitseko chilichonse, sanathe kuzindikira ngati mnzakeyo akutsegula kapena akukhwimitsa.